Mtolo wa ku Buldan

Sopo wanga ankangogona pa shelefu ngati njerwa,
sopo wa mafuta a olivi, wobiriwira, wophikidwa ndi manja awa.
Pa intaneti anthu ankabwera ndithu,
kumusirira, kumuponya m'kadengu ka pa foni,
kenako n'kuthawa akaona mtengo wotumizira.
Malira makumi asanu ndi anayi
kuti kamtanda kamodzi kafike ku Ankara!
Ndani angalipirire ulendo chinthu chokasungunuka m'madzi?

Wowerenga manambala ndi Elvan, mwana wanga.
Usiku wina anatembenuzira kompyuta kwa ine:
"Mayi, wogula sopo akatuluka muno
amakasaka thaulo kwina.
Timange mtolo.
Mitanda itatu, thaulo limodzi, kansalu kokhulira msana,
mtengo umodzi, katoni imodzi."

Ndinati chabwino, mathaulo tikapikula kumsika.
Iye anangoti phee, kundiyang'ana.
Tonse tinkadziwa kumene kuli thaulo lenileni m'Buldan muno:
khomo lachinayi kutsika ndi msewu wathu,
kwa Şeref, mlongo wanga,
amene ndinali nditamumana moni zaka zisanu ndi chimodzi
chifukwa cha mitengo khumi ndi iwiri ya olivi
imene bambo anatisiyira osaigawa.

Chiwombero chake ndinkachimva m'mamawa uliwonse,
kho, kho, kho, kudutsa makoma atatu,
ine n'kutseka windo.

Sindinapiteko. Anapita ndi Elvan.
Anabwerako ndi mathaulo makumi awiri ndi kapepala:
mtengo basi, wopanda dzina langa, wopanda lake.
Ndinalemba kuseri kwake: wadulitsa.
Anabweza: ulusi wakwera.
Masiku atatu tinakangana kudzera m'thumba la mwana
mpaka kapepala kanafewa ngati sanza.

Tinajambula sopo atakhala pa thaulo, pafupi ndi windo.
Pansi Elvan analemba:
pachokhapachokha malira mazana asanu ndi makumi awiri,
pamodzi mazana anayi ndi theka, kutumiza ulere.
Mtima unandiwawa ndi makumi asanu ndi awiri otayikawo.
Ndinawawerenga pogona, ndinawawerenganso podzuka.

Lachiwiri usiku foni inalira. Trabzon.
Ndisanathire tiyi, inaliranso. Konya, mitolo iwiri.
Pofika Loweruka tepi yomatira makatoni inali itatha,
zala zanga zikununkha guluu.
Kansalu kokhulira kaja, kamene kanakhala chaka osafunsidwa,
kanachoka konse, kobisala pakati pa anzake
ngati mwana wokwera basi pa tikiti ya mayi ake.

Mayi wina wa ku Samsun analemba pansi pa chithunzi:
"Thaulo lafika likununkhira sopo.
Zikuoneka kuti n'za nyumba imodzi."
Elvan anawerenga mokweza, kawiri.
Ine ndinati mpunga ukupserera,
ngakhale pamoto panalibe kanthu.

Sabata yachitatu Elvan anali pa mayeso,
mathaulo atatha, maoda khumi ndi anayi akudikira.
Cha m'ma teni chitseko chinagogodedwa.
Şeref, thumba paphewa, imvi zimene sindinkazidziwa.
Sanati mwadzuka bwanji.
Anayang'ana makatoni anga n'kuti,
"Mfundo yakoyo imasuka isanafike ku Denizli.
Umamanga ngati bambo."
Anakhala pansi, n'kutenga chingwe.

Ine ndinkapinda, iye ankamanga.
Mitanda itatu, thaulo, kansalu. Mitanda itatu, thaulo, kansalu.
Pa katoni yachisanu ndi chinayi anapempha madzi,
ndinamupatsa tiyi, shuga awiri,
osafunsa.

Za mitengo ija sitinakambe, ndipo sitinakambebe.
Ikadali kuphiri, khumi ndi iwiri,
ikubereka osadziwa mwini wake.
Koma dzulo wanditumizira kapepala kena:
akuti nyengo yozizira yayandikira,
bwanji mu mtolomo tiwonjezeremo kabotolo ka mafuta?
Sananene kuti ochokera m'mitengo ya yani.
Kapepalako kali pa tebulo, pansi pa sopo,
ndipo windo lero ndaiwala kutseka.